Nthambi Imene Bambo Anamanga pa Mtengo Wouma

Nthano ya Hänsel ndi Gretel imayambira pabedi, usiku, anthu awiri akunong'onezana. Bamboyo ndi wodula mitengo, nyumba yake ili m'mphepete mwa nkhalango yaikulu, ndipo pakhomo pagwa njala. Tulo takana, akungotembenukatembenuka. Akufunsa mkazi wake kuti ana awadyetsa chiyani pamene iwo eni alibe choika kukamwa. Mkaziyo yankho ali nalo kale: kukacha apite nawo anawo pakatikati pa nkhalango, awasonkhere moto, aliyense ampatse kachidutswa ka buledi, kenako awasiye komweko. Bambo akukana. Mkazi akumuuza kuti ngati ndi choncho ayambiretu kupala matabwa a mabokosi anayi. Kuseri kwa khoma ana ali maso, ndipo amva zonse. Sanagone chifukwa m'mimba mulibe kanthu.

Kameneka, kakuti ana anamva chiwembu chifukwa njala inawakaniza tulo, ndi kamene kamandigwira mtima nthawi zonse ndikamawerenga nthanoyi. Njala imene yachititsa makolo kupangana zoipa ndi yomweyo imene yaulula panganolo. Wina wosadziwa ntchito akanafunafuna chodzutsira anawo, kaya galu kuuwa kaya chitseko kulira. Mmisiri wa nthano imeneyi sabwereka kanthu kwa anansi. Ali ndi njala, nkhalango, buledi, moto ndi anthu asanu okha, ndipo zonse zimene zichitike zituluka mmenemo, monga woluka lichero amalowetsa nsungwi imodzi pansi, kuitulutsa pamwamba, mpaka itafika tsidya lina.

Anailemba ndi abale awiri a ku Germany, Jacob Grimm wobadwa mu 1785 ndi mng'ono wake Wilhelm wobadwa mu 1786. Usiwa ankaudziwa. Bambo awo, amene anali woweruza milandu ku Steinau, anamwalira mu 1796 Jacob ali ndi zaka 11, banja n'kutuluka m'nyumba ya boma. Mayi awo anatsatira mu 1808. Wilhelm analembapo m'kalata kuti panali nthawi imene kwawo anthu asanu ankagawana chakudya cha anthu atatu, kamodzi patsiku. Nthano zambiri sanazitole kumidzi monga anthu amaganizira. Ankazimva mumzinda wa Kassel kwa atsikana a m'mabanja odziwana nawo, a kwa Hassenpflug ndi a kwa Wild, ndipo mmodzi wa atsikanawo, Dortchen Wild, anadzakwatiwa ndi Wilhelm mu 1825. Buku lawo, Kinder- und Hausmärchen, linatuluka kumapeto kwa 1812, ndipo analisindikiza kasanu ndi kawiri kufikira 1857, Wilhelm akukonza, akuchotsa, akuwonjezera. N'chifukwa chake nthano imeneyi tingathe kuiona ikukula. Mu zolemba za pamanja za 1810, zimene anatumiza kwa mnzawo Clemens Brentano, ndi yaifupi ndipo anawo alibe ndi mayina omwe.

Taonani mmene ulendo woyamba wa kunkhalango waukidwira. Akuluakulu atagona, Hänsel akutuluka panja n'kutola timiyala toyera timene tikunyezimira pamwezi ngati ndalama zasiliva, matumba n'kudzaza. M'mawa akupatsidwa buledi, koma ali nayo pomuika? Matumba adzaza miyala. Choncho Gretel ndi amene akunyamula buledi wa onse awiri kunsi kwa epuloni yake. Palibe amene akutiuza kuti mnyamata ndi woganiza za njira ndipo mtsikana ndi wosunga chakudya. Matumba ndi epuloni zanena kale. Panjira Hänsel akuima kawirikawiri n'kucheukira kumbuyo. Bambo akumufunsa chimene akuyang'ana, iye akuti akutsanzikana ndi kamphaka kake koyera kamene kakhala padenga. Mkazi uja akumukalipira kuti si mphaka ameneyo, ndi dzuwa la m'mawa likuwala pachumuni. Mwanayo akunama, inde, chifukwa akuponya timiyala pansi. Koma bodza lake ndi la mwana amene akudziwa kuti akuchoka kwawo osabwerera, ndipo wapeza njira yotsanzikira nyumba pamaso pa amene akukamutaya. Yankho la mkaziyo nalo ndi loona ndithu, ndi dzuwadi, koma ndi la munthu amene mtima wauma kale moti padenga sangaonepo chamoyo.

Ulendo wachiwiri ukubwereza woyamba pafupifupi phazi ndi phazi, kungosintha zinthu ziwiri kapena zitatu, ndipo kusinthako n'kumene kukupweteka. Chitseko tsopano chakhomedwa. Miyala palibe. Padenga, akuti Hänsel, pali nkhunda. Ndipo chimene akumwaza panjira ndi nyenyeswa za buledi wake, chakudya chokha chimene ali nacho m'nthawi ya njala yadzaoneni. Wagula njira ndi chakudya, koma mbalame za m'nkhalango nazo zili ndi njala, ndipo zatola zonse. Masana Gretel akunyema kachidutswa kake pakati kugawira mlongo wake. Nzeru za mnyamata zathera pomwepo. Kuyambira apa Hänsel akungolimbikitsa ndi pakamwa, kuti mwezi ukatuluka apeza njira, koma njira sakuipeza.

Pali kanthu kena pa ulendo woyamba uja kamene m'kope la 1812 mulibe, kamene Wilhelm anadzawonjezera pambuyo pake. Ana akhala pamoto, adya buledi wawo, ndipo mtima uli m'malo chifukwa akumva nkhwangwa ikulira chapafupi: bambo sanapite kutali. Koma si nkhwangwa. Ndi nthambi imene bamboyo anamangirira pamtengo wouma kuti mphepo iziimenyetsa uku ndi uku. Nthano ikungonena zimenezi m'chiganizo chimodzi n'kupitirira, osaweruza.

Ganizirani zimene zimafunika kuti munthu achite zimenezi. Ayenera kusankha mtengo umene ungalire bwino, kupeza nthambi yolemera mokwanira, kutenga chingwe, kumanga mfundo, kuima pang'ono kumvetsera ngati kulirako kukufanana ndi nkhwangwa. Ndi ntchito ya munthu wodziwa mitengo, ndipo m'nyumba imeneyo wodziwa mitengo ndi mmodzi. Wofotokoza nthanoyi amayesetsa kumumvera chisoni bamboyu. Amatiuza kuti anakana poyamba, kuti mkazi sanamupatse mpata wopuma mpaka anavomera, kuti ana atabwerera anasangalala, kuti ulendo wachiwiri mumtima ankati kuli bwino kugawana ndi ana chotsala chomaliza, kungoti wovomera kamodzi sangakanenso. Zonsezi ndi mawu. Chimene manja ake anachita ndi nthambi ija. Anatenga phokoso limene ana ake analizolowera chibadwire, phokoso lotanthauza kuti bambo ali pafupi ndipo madzulo kudyedwa, n'kulisandutsa msampha. Mkazi anakonza chiwembu ndi pakamwa. Luso loti chitheke linachokera kwa mwamuna. Sindikhulupirira kuti pali chiganizo china choopsa kuposa chimenechi m'nthano yonseyi, ngakhale titawerengera za mfiti ndi uvuni wake.

Chodabwitsa n'chakuti Wilhelm yemweyo ndi amene, pa zaka zonsezo, ankasuntha mlandu kuuchotsa pa bambo. M'kope la 1812 mkazi wofuna kutaya ana ndi mayi wawo wowabereka. Pofika kope lachinayi, la 1840, wasanduka mayi wowapeza, ngakhale kuti m'malo ena mpaka kope lomaliza nthanoyo imamutchabe mayi. Anachita chimodzimodzi ndi nthano ya Schneewittchen, kumene mfumukazi yofuna kupha mtsikana wokongola poyamba inali mayi wake weniweni, n'kudzasinthidwa mu 1819. Chifukwa chake n'chomveka. Buku limene anayamba ngati ntchito ya akatswiri linayamba kugulidwa ndi makolo owerengera ana, ndipo mayi wobereka woti n'kutaya mwana sakanalandiridwa m'nyumba za Akhristu olemekezeka a nthawi imeneyo. Komanso amayi opeza analipodi ochuluka, popeza akazi ambiri ankamwalira pobereka ndipo amuna ankakwatiranso msanga. Koma zotsatira zake n'zakuti uchembere unatsukidwa, ubambo unakhululukidwa, ndipo mlandu wonse unasenzetsedwa mkazi wobwera. Wilhelm mlangizi anachita zimenezo. Wilhelm mmisiri, amene khutu lake linkadziwa chimene chimapatsa nthano mphamvu, anaika nthambi pamtengo, ndipo nthambiyo imatsutsa chiweruzo cha mlangizi uja.

Sikuti nthano zotere nthawi zonse zinkaloza mkazi. Mu 1697 Charles Perrault wa ku France anasindikiza Le Petit Poucet, yokhala ndi timiyala ndi nyenyeswa zomwezi, patangopita zaka zochepa chichitikire njala yaikulu ya 1693 ndi 1694 m'dzikomo. Mmenemo wobweretsa maganizo otaya ana ndi bambo, ndipo mayi ndi amene akukana n'kulira. Wodya ana ndi chimphona chachimuna, mkazi wake n'kumayesa kuwabisa. Mafupa a nthano ndi amodzi, koma amene wavala mlandu ndi wina. Kuno kwathu nakonso njala inasiya mbiri ziwiri. Megan Vaughan, m'buku lake la 1987 lonena za njala ya 1949, anasonkhanitsa zimene anthu a m'boma la Blantyre ankakumbukira, kuphatikizapo nyimbo za pamtondo. Amuna ankakumbukira maulendo ataliatali okasuma. Akazi ankaimba za amuna amene anapita kokasuma osabwerako, ena n'kukakwatira komweko, ana atatsala ndi mayi. Amene wagwira nthano ndi amene amasankha woti aloze chala, ndipo owerenga kope la 1819 ku Germany, amene anali atangotuluka m'njala ya 1816 ndi 1817, ankadziwa bwino kuti m'nyumba yanjala palibe wotsala woyera.

Tsiku lachitatu chisochereni m'nkhalango, Hänsel ndi Gretel afika pa kanyumba ka buledi, kofolera ndi keke, mazenera ake a shuga. Pano nthano ikupereka chimene ana anjala amalota, ndipo ikuchipereka mopitirira muyeso. Kwawo nyumba inalibe buledi. Kuno nyumba ndi buledi. Hänsel akunyema denga, Gretel akuswa zenera. Tisaiwale kuti anawa akudya nyumba ya mwini, ndipo atamva mawu kuchokera mkati sakuleka, akungoyankha zozemba n'kupitiriza kutafuna. Nthano sikuwayeretsa. Akutuluka gogo wokalamba kwambiri, woyendera ndodo, akuwagwira padzanja, akuwapatsa mkaka, timikate tothira shuga, maapozi ndi mtedza, kenako akuwagoneka pa timabedi tiwiri toyala nsalu zoyera. Ndi chithunzi cha mayi amene anawa akhala akumusowa. Koma gogoyu ndi mfiti, ndipo kuopsa kwake kwagona pa kufanana kwake ndi mayi wabwino: imadyetsa, imayalira, imayang'ana masaya a ana ali m'tulo. Kungoti imadyetsa kuti idzadye.

Ndipo kukacha ikudzutsa Gretel pomutcha mlesi, chipongwe chomwecho chimene mkazi wa kunyumba uja anadzutsira nacho anawo tsiku lopita kunkhalango. Nthano sikunena paliponse kuti akazi awiriwa ndi munthu mmodzi. Yangowapatsa liwu limodzi la m'mawa. Wina akuthamangitsa ana kuti asamudyere chakudya, wina akuwakokera mkati kuti akhale chakudya. Ndipo mfiti ikafa kunkhalango, tidzapeza kuti kunyumba mkazi uja nayenso wafa, popanda kutiuza chimene chamupha. Womvera nthano amalumikiza yekha, ndipo chimene munthu walumikiza yekha sichichoka msanga m'mutu.

M'nyumba ya mfiti ntchito zagawidwa monga zinkagawidwira m'nyumba zambiri. Mnyamata watsekeredwa m'khola, akupatsidwa zakudya zabwino kuti anenepe. Mtsikana akutunga madzi, akusonkha moto, akuphikira mlongo wake, iye n'kumapatsidwa zigoba za nkhanu. Amene anakulira pakhomo pamene mbale ya ndiwo zabwino imapita kwina ndipo wophika amadya zotsala sangavutike kuchimva chithunzi chimenechi. Koma mmisiri wachitembenuza: kudyetsedwa bwino ndiko kuphedwa, ndipo ntchito ya kukhitchini ndi imene ikusiya Gretel ali womasuka, akuyenda, akuona, akuphunzira mmene nyumbayo imayendera. Hänsel watsala ndi nzeru imodzi, yotulutsa kafupa m'malo mwa chala mfiti ikabwera kudzaona ngati wanona, popeza maso a mfitiyo ndi ofiira ndipo saona patali. Kafupako kakumugulira masabata anayi. Sikakumutulutsa m'khola.

Gretel mpaka pano wakhala akulira. Analira pabedi usiku woyamba, analira m'nkhalango, akulira potunga madzi ophikira mlongo wake. Ndiye mfiti ikumuuza kuti alowe muuvuni aone ngati watentha mokwanira kuikamo buledi. Mtsikanayo wazindikira cholinga, ndipo chida chimene akusankha ndi chomwecho chimene aliyense wakhala akumuganizira: kupusa. Akuti sadziwa kalowedwe kake. Mfiti, yonyada ndi luso lake la pamoto ndiponso yozolowera kuona mtsikanayu ngati chitsiru, ikumunyoza, ikuti khomolo ndi lalikulu moti iyo yomwe ingalowe, ndipo ikulowetsa mutu. Gretel akukankha, akutseka chitseko chachitsulo, akupiringidza. Palibe lupanga, palibe mlenje wodutsa, palibe mwana wa mfumu. Wapha ndi uvuni, chipangizo cha ntchito imene anamukakamiza, ndipo wapambana chifukwa anadziwa mmene mdani wake amamuonera. Kusintha kwake sikukufotokozedwa ndi liwu ngakhale limodzi. Misozi yangoleka, manja ayamba kugwira ntchito.

Pamalo amenewa mtima wanga umagawikana, ndipo ndiyenera kunena. Gogo wokhala yekha kunkhalango, wofiira maso, wotchedwa mfiti, wafa ndi moto akukuwa, ndipo nthano ikuti zamuyenera. Ku Germany komweko, m'mizinda ngati Bamberg ndi Würzburg, m'zaka za m'ma 1620 anthu mazanamazana anawotchedwa pa mlandu wa ufiti. Ku Malawi lamulo la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, koma agogo akupitirizabe kumenyedwa, kuthamangitsidwa m'midzi, ena kuphedwa kumene. Luso limene likuchititsa kuti tikondwere Gretel akamapiringidza chitseko ndi lomwelo limene limaphunzitsa mwana kuopa nkhalamba yosauka ya kumapeto kwa mudzi. Wofotokozera ana nthanoyi ali ndi ntchito yowauza kuti gogo wa m'nthano anali ndi khola ndi uvuni wophikira ana, pamene gogo wa kuseri kwa nyumba yawo ali ndi ng'ala m'maso basi.

Pobwerera zonse zoyamba zija zikubwezedwa. Hänsel akudzaza matumba ndi ngale ndi miyala yamtengo wapatali, n'kunena kuti izi zaposa timiyala take tija. Gretel akudzaza epuloni imene inanyamula buledi. M'makope a pambuyo pake Wilhelm anaikapo madzi aakulu opanda mlatho kapena bwato, amene popita sanawaoloke, ngati kuti njira yobwerera kwanu siingakhale yomwe unadzera. Woitana bakha woyera kuti awaolotse ndi Gretel. Hänsel akukwera n'kuuza mlongo wake kuti akhale pambali pake, koma Gretel akukana, akuti onse awiri amulemera bakhayo, awaolotse mmodzimmodzi. Kamphindi kakang'ono kameneka kali ndi zambiri. Nthano yonse yakhala ya anthu anjala otenga mopitirira, makolo, mbalame, ana pa nyumba ya shuga, mfiti. Uyu ndi munthu woyamba kuyeza chimene mnzake angathe kusenza, ndiponso wapeza yankho la funso limene linagonjetsa makolo ake usiku uja, la chochita pamene chonyamulira sichikwanira onse: sutaya wina, umadikirana.

Kunyumba bambo alipo. Nthano ikuti chisiyireni ana m'nkhalango sanakhalepo ndi ola limodzi lachimwemwe. Ana akumukumbatira, Gretel akukutumula epuloni, ngale zikugubuduzika pansi, umphawi watha. Bamboyo sakupepesa, sakufunsidwa kanthu, ndipo akudya nawo chuma chimene ana amene anawataya abweretsa. Ena amati apa nthano yafooka. Ine ndimaona kuti yanena zoona zowawa: ana otayidwa kawirikawiri amabwerera kwa kholo lomwelo, atanyamula katundu, chifukwa kwina kopita kulibe ndiponso chifukwa amalikondabe.

Mu 1893, pa 23 December, ku Weimar kunaonetsedwa koyamba sewero loimba la Engelbert Humperdinck lochokera pa nthanoyi, mawu ake atalembedwa ndi mlongo wake Adelheid Wette, ndipo wotsogolera oimba anali Richard Strauss. Mpaka lero limaonetsedwa kwambiri nyengo ya Khirisimasi. Mmenemo mayi ndi wowabereka, wotopa ndi umphawi, amene mkaka utatayika wapsa mtima n'kutuma ana kukathyola zipatso kutchire. Bambo ndi wopanga matsache, akubwera kunyumba wosangalala atanyamula zakudya, ndipo atamva kumene ana apita onse awiri akuthamangira kukawafuna. Usiku angelo 14 akulondera anawo. Mfiti ikalowa muuvuni ikutuluka itasanduka keke, ndipo ana onse amene inawagwira kale akukhalanso moyo. Nyimbo zake ndi zokoma, ndipo ndikumvetsa mayi wolembera ana ake sewero kusafuna kuika pabwalo makolo otaya ana. Koma mmenemo ana asochera mwangozi, ndipo palibe wamkulu amene ali ndi choti ayankhe.